Kusankha mafuta opangira sopo panyumba

Kuno ku Kabwe sopo ndi wofunika kwambiri. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi la m'makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo ana amalidya akamagwira chakudya ndi manja osasamba. Sopo sachiritsa mwana amene mtovu unalowa kale m'magazi, koma kusamba m'manja kumachepetsa fumbi lolowa m'kamwa. Ambiri a ife timafuna kupanga sopo wathu kuti asasowe pakhomo, ndipo ubwino wake umayambira pa mafuta amene tasankha.

Mafuta olimbitsa sopo

Mafuta amene amagwirana kukazizira ndiwo amapanga sopo wolimba, wosatha msanga. Osavuta kupeza ndi a ng'ombe a ku butchala. Tiziwasungunula pamoto wochepa, kuwasefa ndi nsalu, kenaka kuwawiritsa m'madzi a mchere kuti fungo lichepe. A nkhumba amagwiranso ntchito, koma tikamagulitsa tiziuza ogula, pakuti ena sawafuna. Chinkondya, mafuta ofiira a kanjedza ochokera ku Luapula, chimalimbitsanso sopo ndi kumupatsa mtundu wachikasu.

Mafuta a thovu

Mafuta a kokonati amatulutsa thovu lambiri ngakhale m'madzi amene sopo wina amakana kuchita thovu. Ndi okwera mtengo, ndipo akachuluka amaumitsa khungu, choncho pa sopo wosambira asapitirire magawo 30 pa 100 alionse. Mafuta a nsatsi amathandiza thovu kukhalitsa, ndipo magawo 5 okha ndi okwanira.

Mafuta ofewa

Saladi wa mpendadzuwa, wa soya ndi wa nshawa amapanga sopo wofatsa pakhungu. Pano mpamene ambiri timatayira ndalama. Sopo wa saladi yekha amachedwa kuuma, amasungunuka m'beseni, ndipo pakapita miyezi amatuluka mawanga achikasu ndi kununkha. Saladi wa mpendadzuwa kapena wa soya akhale pafupifupi kota ya mafuta onse. Saladi wokazingira vitumbuwa tingamusefe ndi kupangira sopo wochapira zovala yekha. Oilo wa galimoto, parafini ndi Vaseline sizisanduka sopo ayi.

Mafuta alionse ali ndi muyeso wake wa soda

Kilogalamu imodzi ya mafuta imafuna caustic soda wochuluka pafupifupi chonchi:

Kokonati: magalamu 183
Chinkondya: magalamu 142
A ng'ombe: magalamu 140
Nshawa: magalamu 136
Soya: magalamu 135
Mpendadzuwa: magalamu 134
Nsatsi: magalamu 128

Ndicho chifukwa chake sitisinthanitsa mafuta mwachisawawa. Tikachotsa kokonati ndi kuikapo saladi osachepetsa soda, sopo adzawotcha khungu la ana athu. Tiziyeza pa sikelo, osati ndi kapu kapena botolo.

Chitsanzo cha kilogalamu imodzi

Titenge magalamu 500 a mafuta a ng'ombe, 250 a mpendadzuwa, 200 a kokonati ndi 50 a nsatsi. Kuwerengera kwake kumapereka soda wokwana magalamu 146. Timachotsapo magawo 5 pa 100 kuti mafuta pang'ono atsale osasanduka, motero timagwiritsa ntchito magalamu 139, ndi madzi magalamu 330. Ngati kokonati palibe, tenganiko magalamu 750 a ng'ombe ndi 250 a mpendadzuwa, soda akhale magalamu 132. Thovu lidzachepa, koma sopo adzakhala wolimba ndi wotsuka bwino.

Chenjezo

Soda amathiridwa m'madzi, osati madzi mu soda. Tivale magolovesi ndi zoteteza maso, tigwirire ntchito pamalo opita mphepo, ana ali kutali. Poto wa aluminiyamu sitigwiritsa ntchito chifukwa soda amamudya. Chidebe cha pulasitiki yolimba ndiye chabwino. Soda akagwera pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo akalowa m'maso tsukani ndi kuthamangira ku chipatala.

Tikadula sopo, aume kwa masabata 4 mpaka 6 m'nyumba, pa shelefu, atafundidwa nsalu yopyapyala kuti fumbi la panja lisamugwere. Pamtanda uliwonse tizilemba tsiku ndi mafuta amene tinaika, kuti ulendo wotsatira tidziwe chosintha.