Kachisi, Kavuŵa ndi Nyumba ya Buddha

Wophunzira wa ku Embangweni, kum'mwera kwa Mzimba, akamva kuti Wat Arun ya ku Bangkok ndi "kachisi", maganizo ake amathamangira kwa Solomoni. Sitingamudzudzule. Mawuwa amawamva kwa alaliki owerenga Buku Lopatulika la 1922, momwe omasulira anatenga dzina la kanyumba kaudzu kothirirako nsembe n'kulipereka ku nyumba yaikulu ya ku Yerusalemu.

Ine ndimati kachisi akhale. Mawu amene ananyamula Khulubvi wa Mbona ku Nsanje, Msinja wa Makewana ndi dziwe lake lopatulika la Malawi, kenako Yerusalemu, sangalephere kunyamula nsanja ya Wat Arun m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya. Mlendo amawoloka mtsinjewo pa boti, n'kupeza nsanja yomatidwa zidutswa za mbale zadothi, yomwe inakwezedwa m'nthawi ya mafumu Rama II ndi Rama III. Polowa m'nyumba yopatulika amavula nsapato, monga achitira ku Khulubvi. Kungoti "wat" si nyumba imodzi, ndi mpanda wonse, wokhala ndi mogona, mophunzirira ndi molumbirira.

Mawu amene amandivuta ndi "wansembe". Mwamuna wachibuda wometa mpala, wovala nsalu yachikasu, amene amayenda ndi mbale m'mamawa kulandira chakudya, sapereka nsembe m'malo mwa anthu, ndiponso sakhala mkhalapakati wa munthu ndi Chauta. Akatolika ali ndi "mmonke", ndipo n'chimodzimodzi kubwereka. Nanga bwanji osabwereka kwa eni ake, amene amati "bhikkhu"? Lilime lotchula "bhasi" ndi "khasu" silingapunthwe pamenepo. Tinazolowera kuti mawu achilendo ayambe adutsa ku London asanafike kuno, chonsecho Abuda tili nawo pafupi, ku Amitofo Care Centre cha ku Blantyre, ndipo anyamata a ku Mzimba opita ku Joni akhoza kuona kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit.

"Fano" ndiye ayi. Mawuwa amabwera ndi chigamulo cha pa guwa. Mphunzitsi akati "fano la Buddha" waweruza kale asanafotokoze. "Chiboliboli" chikukwana.

Koma mwana wa ku Embangweni uja ali ndi mawu akeake. M'Chitumbuka kanyumba ka mizimu ndi "kavuŵa". Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968, Chichewa Board ya 1972 inkasamala chiyankhulo chimodzi, ndipo ngakhale Centre for Language Studies inalowa m'malo mwake mu 1996, lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Motero mwanayo amaphunzira za Buddha m'Chingerezi, mphunzitsi akathedwa nzeru amamasulira m'Chichewa, ndipo kavuŵa, mawu amene akanamuthandiza kuyerekeza msanga, satchulidwa m'kalasimo.