Ramen: Msuzi Wophikidwa Mosathamanga, Woperekedwa Mofulumira

Ambiri amati chakudya choperekedwa mwachangu sichingakhale chabwino, koma mbiri ya ramen ku Japan imatsutsa maganizo amenewa. Chakudyachi, chomwe ndi manudozi a mumsuzi, chidachokera ku China. Mu 1910 lesitilanti ya ramen yotchedwa Rairaiken idatsegulidwa ku Asakusa mumzinda wa Tokyo, ndipo idalemba ntchito ophika achitchaina ochokera ku Yokohama. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, mpunga udasowa, ufa wa tirigu wochokera ku America udachuluka, ndipo timisasa ta m'misewu totchedwa yatai tidadyetsa anthu anjala ndi antchito osowa nthawi.

Antchitowa ndiwo adaumba kasamalidwe ka makasitomala m'malo otere. Ku Nagahama, mumzinda wa Fukuoka, ogwira ntchito pamsika wa nsomba ankafuna kudya n'kubwerera msanga. Ophika adayamba kugwiritsa ntchito manudozi opyapyala opsa mwachangu, n'kumapakula ochepa kuti asafewerere mumsuzi. Wosakhuta ankaitanitsa ena, mwambo wotchedwa kaedama, ndipo ankawaponyera otentha mumsuzi wotsala m'mbale.

Ena angati changu choterechi chidabala manudozi a m'paketi, omwe Ando Momofuku adayambitsa mu 1958, n'kutsitsa ulemu wa chakudyachi. Koma mulesitilanti changu chili popereka pokha: mafupa a nkhumba amabwata maola ambiri mpaka msuzi utayera kasitomala asanafike. Wophika amapirira pamoto nthawi yaitali kuti munthu wotopa asadikire. Kumeneko ndiye kulemekeza kasitomala kwenikweni.