Mbiri ya chiwerengero cha apolisi ndi ndalama zoyendetsera ntchito yawo m'Malawi

Polisi ya dziko lonse inakhazikitsidwa m'Nyasaland mu 1921, likulu lake lili ku Zomba. Izi zisanachitike, mzungu woyang'anira boma lililonse ankalemba yekha apolisi ake ochepa, amene ntchito yawo yaikulu inali kutolera msonkho wa nyumba, kusaka othawa msonkho ndi kuperekeza akaidi. Kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 kunaonetsa atsamunda kuti dongosolo lotere linali losalimba, ndipo patapita zaka zochepa anaitana Major F. T. Stephens, yemwe anagwirapo ntchito ya upolisi ku Southern Rhodesia, kuti adzayambitse polisi imodzi.

Ndalama zinali zoperewera kuyambira pachiyambi. Britain inkafuna kuti dziko lililonse limene inkalilamulira lizidziyendetsa ndi misonkho yake, pamene Nyasaland inali yosauka. N'chifukwa chake mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse apolisi anali mazana ochepa chabe. Ambiri anali asilikali opuma a King's African Rifles, ndipo malipiro awo anali otsika. Iwo ankapezeka makamaka m'matauni ndi m'madera a minda ya azungu kummwera. Kumidzi, bata linasiyidwa m'manja mwa mafumu, amene malamulo a 1933 anawapatsa mphamvu zoweruza milandu.

Ndale ndi zimene zinamasula thumba la boma. Mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, ku Thyolo kunabuka zipolowe, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa gulu la Police Mobile Force lothana ndi ziwawa. Pamene Bwanamkubwa Robert Armitage ankalengeza pa 3 Marichi 1959 kuti dziko lili pachiopsezo, apolisi anali ochepabe, moti panali patabwera kale asilikali ochokera ku Southern Rhodesia. M'zaka zimenezi chiwerengero cha apolisi chinachoka m'mazana kufika m'zikwi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linapitiriza kulimbitsa nthambi zoteteza ulamuliro, makamaka Special Branch. Chuma china cha chitetezo chinkapita kwa a Malawi Young Pioneers, amene anali ndi zida komanso mphamvu zomanga anthu, mpaka pamene asilikali anawalanda zidazo mu Disembala 1993.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, umbava unakula ndipo kuchepa kwa apolisi kunaonekera poyera. Boma, mothandizidwa ndi Britain, linayamba kukonzanso polisi. Kunabwera ndondomeko yoti anthu a m'midzi ndi m'makwalala azigwira ntchito limodzi ndi apolisi, dzina linasintha kukhala Malawi Police Service, ndipo lamulo latsopano la polisi linakhazikitsidwa mu 2010.

Ngakhale sukulu za apolisi ku Limbe ndi ku Mtakataka zakhala zikutulutsa apolisi atsopano, anthu achuluka mofulumira kwambiri: kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, pamene wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Kulemba wapolisi n'chiyambi chabe, pakuti amafunikanso nyumba, galimoto, mafuta ndi zipangizo zofufuzira milandu. Zimenezi zikasowa, wovutika ndi munthu wakumudzi amene waberedwa usiku, polisi ili kutali. Kwa zaka zambiri ndalama za polisi zinkakwera boma likaopa kugwetsedwa. Udindo umene Nyumba ya Malamulo ili nawo lero pokambirana bajeti ndi woonetsetsa kuti ndalamazo zikulingana ndi chitetezo chimene anthu wamba akufunikira.