Potato Path: njira ya osenza katundu pa phiri la Zomba

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire poti sindine mphunzitsi wa mbiri yakale. Ndimagulitsa mbatatesi, anyezi ndi tomato mumsika wa Zomba, ndipo sukulu ndinalekezera Fomu 4. Phiri la Zomba ndimaliona tsiku lililonse ndikamayala malonda, koma ndinafika zaka 34 ndisanalikwereko. Mwezi wa Julayi chaka chatha, ife amayi asanu ndi mmodzi a banki m'khonde tinapangana kuti ndalama za chindapusa tisagulire nsalu ngati zaka zonse, koma tikagone kuphiri usiku umodzi. Bambo a kunyumba anandifunsa kuti, "Kodi malo ogona atha pakhomo pano?"

Ngati simunakwerepo phiri, yambirani limeneli. Silili ngati Sapitwa wa ku Mulanje amene amafuna kukwawa pamiyala. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene palekeza nyanja yamchere, Ku Chawe ndi pafupifupi 1,500, ndipo nsonga yaitali, ya Malumbe, imapitirira pang'ono 2,000. Mukangofika pamwamba, kwinako n'kuyenda chabe m'mitengo ndi m'mbali mwa mtsinje. Munyamuke Loweruka m'mawa ndi wokuperekezani wodziwa njira, mugone konko, Lamulungu madzulo muli kwanu. Mutenge bulangete lochindikala, tochi, chipewa ndi nsapato zimene phazi lanu linazolowera kale.

Ife tinakwera kudzera njira ya pansi yotchedwa Potato Path. Imayambira kumtunda kwa tauni n'kukatulukira pafupi ndi hotela ya Ku Chawe. Ozolowera satha maola awiri, ife tinatha atatu. Dzinali linandiseketsa poti mbatatesi ndiyo ntchito yanga. Wotiperekeza anati linabwera chifukwa alimi a kumtunda ndi a kuseri kwa phiri, mbali ya chigwa cha Domasi, ankadzera mmenemo potsitsira mbatatesi kumsika wa Zomba. Pamutu, opanda kabaza, opanda wilibala. Ine amene ndimaoda mbatatesi ya ku Tsangano ndi ku Dedza yobwera pa lole, ndimadziwa kulemera kwa thumba limodzi. Ndinayang'ana kutsetsereka kwa njirayo, ndinasiya kuseka.

Tikupuma kachitatu, anatipeza amayi anayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, kuphazi patapata basi. Tinapatuka.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

"Tadzuka, kaya inu. Mukukaona ndani kumtundako?"

Tinasowa choyankha. Chibwerereni ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa za phirili, ndipo ndapeza kuti mbiri yake ili pawiri. Pali ya anthu amene ankapitako kukaona, ndi ya anthu amene ankawasenzera. Mayina ambiri a kumtundako ndi a gulu loyambalo.

Tiyambire kale. Azungu asanafike, m'mbali mwa phirili munkakhala Amang'anja. Pakati pa zaka za m'ma 1800 kudabwera Ayao kuchokera mbali ya Mozambique, ndipo mafumu monga Malemia ndi Mlumbe adakhazikika mozungulira phiri, Kawinga chakumpoto ku Chikala. Pamene David Livingstone ndi John Kirk ankafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, dera lonseli linali pa njira ya malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo opita kugombe. Mu 1884 Angoni a Maseko adawoloka Shire kudzathira nkhondo kumtunda kuno, anthu n'kuthawira m'mapiri ndi ana kumsana, ufa pamutu. Choncho mukamakhoma tenti yanu kumtundako, dziwani kuti anthu adagonako kale usiku wambiri, koma iwo sankapita ndi chimwemwe ngati ife.

Kenaka kudabwera John Buchanan, munthu wa ku Scotland amene adayamba ndi ntchito ya mishoni ya Blantyre n'kudzasanduka mlimi wa khofi ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Iyeyu ndiye adamanga, kuyambira mu 1886, nyumba ya nsanja zosongoka ija imene lero ndi Hotel Masongola. Idamangidwira kazembe wa Britain. Mu 1891 Harry Johnston adaika likulu la boma la atsamunda pomwepo, patsinde pa phiri, pamalo ozizira bwino, a madzi osaphwa, komanso poyandikira njira za ogula akapolo. Zomba idakhala likulu mpaka 1975 pamene boma lidasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo idatsalirabe kuno mpaka 1994.

Tsono azungu a boma aja, kutentha kwa Okutobala kukawakwana, ankathawira pamwamba pa phiri. Adamangako timanyumba topumuliramo, Bwanamkubwa naye anali ndi yake. Funso n'lakuti, galimoto zisanachuluke ankakwera bwanji? Ena pa miyendo yawo, inde, koma ambiri pa machila. Achinyamata a m'gulu lino, machila simawu a kuchipatala okha ayi. Inali nsalu yolimba yomangirira ku mtengo wautali, bwana n'kugonamo, amuna n'kusenza mtengowo pamapewa, akuthamanga, akuimba, akulandizana. M'mbuyo mwawo munkabwera amtengatenga ndi mabokosi a zakudya, mipando, mabedi ndi malata. Sikuti anthuwa ankaikonda ntchitoyi. Boma lidaika msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu pachaka m'zaka za m'ma 1890, ndipo munthu wa kumudzi analibe kwina kopeza ndalama yachizungu koma kusenza kapena kulima m'minda ya azungu.

Ine ndinatopa ndi kachikwama ka bulangete, ufa ndi usipa. Taganizani kusenza munthu wamkulu, wokhuta, mwina akuwerenga nyuzipepala.

Nkhalango imene mudzayendemo nayonso idachita kubwera. Johnston adabwera ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, amene adayambitsa munda wa maluwa ndi mitengo uja wa ku Botanic. Mkungudza wa ku Mulanje dzina lake la sayansi lili ndi dzina la Whyte ameneyu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 a boma adadzala mkungudza pa phiri la Zomba, mu 1913 phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi lamulo, ndipo pambuyo pake adalidzaza ndi paini wochokera ku Mexico kuti azicheka matabwa. Nsomba za trout za mu Mulunguzi nazo adachita kuziitanitsa kunja kuti mabwana aziwedza ndi mbedza Loweruka. Mitengo yachilengedwe, ya mbalame zambiri ndi anyani, idatsala m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje. Mukalowamo mumamva kusintha. M'paini mumakhala zii, pansi poterera ndi masamba ake onga singano, pamene m'nkhalango yakale muli chinyezi, ndere ndi phokoso. Mbande zonse za paini zija adakwera nazo ndi anthu, n'kukumba maenje, n'kulambula njira zotchinga moto chaka ndi chaka.

Titafika Ku Chawe anyamata anatizinga ndi timbale ta masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya. Apa ndinaiwala kuti ndine mlendo, ndinanenerera ngati ndili pa oda. Mnyamata wina anati, "Asisi, inu ndinu a mumsika eti?" Tinaseka tonse.

Kuchoka apo njira ndi yofewa. Mumadutsa damu la Mulunguzi, limene adalikulitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo ndilo limamwetsa mzinda wonse wa Zomba, kenaka mathithi a Mandala, mpaka ku Trout Farm kumene kuli malo okhomapo matenti. Dzina loti Mandala nalonso ndi la mzungu. Anthu adamutcha choncho John Moir wa kampani ya African Lakes chifukwa cha magalasi ake a m'maso.

Usiku wa kumeneko musauderere. Tenti imodzi mwa ziwiri zimene tinabwereka inali yothyoka zipi, ndiye tinadzazana tonse mu imodzi ngati usipa wa mu chigoba. Tinaphika nsima pa mafuwa, nkhungu inatsika, moto unkaoneka ngati uli patali. Tikuwotha, wotiperekeza anatisimbira za dzenje la Chingwe, limene lili kumadzulo kwa phiri, moyang'anana ndi chigwa cha Shire. Nkhani imene anthu amakamba ndi yoti mafumu akale ankaponyamo adani awo, ena amati odwala khate. Inu okonda ndakatulo mukudziwa kuti Jack Mapanje adalilembapo dzenjeli m'buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods, asanatsekeredwe ku Mikuyu mu 1987. Ife sitinafikeko, n'kutali kwa ongoyamba kumene.

Chimene chinandisowetsa tulo si Chingwe koma mtsinje. Mulunguzi amalira usiku wonse pafupi ndi mutu wako, ndipo ndinakumbukira agogo anga amene ankati akamva mvula yamphamvu usiku ankadzuka n'kukhala tsonga. Anali mtsikana mu Disembala 1946 pamene mvula idagwa mosalekeza pa phirili mpaka nthaka idagumuka. Madzi, matope, miyala ndi mitengo zidatsikira m'tauni, zidakokolola milatho, zidasesa mudzi wa Ntiya, anthu n'kufa. Akuluakulu adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. A Paseli adaimba nyimbo ya Napolo, ndipo Steve Chimombo adadzalemba ndakatulo zake pa dzina lomweli. Napolo adabweranso ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo za namondwe Freddy mu Malichi 2023, ku Soche, Chiradzulu ndi Mulanje, sindikuuzani ine, ena mwa inu munaika maliro.

Lamulungu m'mawa tinamwa tiyi ndi zigumu n'kuyamba ulendo wodutsa mathithi a Williams ndi kadamu ka Chagwa, kupita kumene aliyense amajambulitsa. Queen's View adaitcha choncho chifukwa cha mayi wake wa Mfumukazi Elizabeth II amene adacheza m'dziko muno mu 1957. Emperor's View, chapafupi pomwepo, ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia amene adabwera mu 1965, dziko litangolandira ufulu, ndipo Marasta amawalemekeza malowa mpaka lero. Kukongola kwake n'koona ndithu. Kukacha bwino mumaona tauni yonse pansi panu, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, chigwa cha Phalombe, ndi phiri la Mulanje litaima lokha ngati khoma. Ndinayesa kupeza denga la msika wathu, ndinalephera.

Koma alendo awiriwa adaimapo kanthawi kochepa n'kumapita, dzina n'kutsala. Anthu amene akwera ndi kutsika phirili zaka zoposa 100, dzina lawo lili pa njira imodzi yokha, ndiponso si la munthu, ndi la katundu amene ankasenza. Zimenezi zinandiwawa pang'ono, sindikubisirani.

Ndipo panjira yopita kumeneko mudzaona zina zimene pa zithunzi za pa Facebook sizioneka. Pali zitunda zathunthu zimene zatsala zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto wolusa. Mudzakumana ndi anyamata atasenza matabwa aataliatali, ena akutsetsereka ndi njinga zodzaza nkhuni, akugwira buleki ndi phazi. Paini adadzalidwa kuti adzadulidwe, zimenezo n'zoona, koma wodula amayenera kudzalanso ndi kuteteza mbande ku moto, ndipo m'malo ambiri kudula kwathamanga kuposa kudzala. Mnzanga wina anayamba kukalipa kuti anthu awa akutha phiri. Ine ndinakhala chete. Benchi limene ndimayalapo tomato ndi la matabwa a paini. Nyemba za ana anga zimapsa pa mbaula ya makala. Wosenzayo timamuona chifukwa ali panjira, koma amene wamutuma ali m'tauni, ndipo wina mwa iwo ndine. Kale ankasenzera msonkho, lero akusenzera fizi ndi thumba la feteleza. Pamene madzi a pampopi pathu akuchokera ku damu lomwe lija, ndipo mvula ikadzagwa ngati ya 1946 pa zitunda zopanda mitengo, oyamba kukokoloka adzakhala a m'munsi mwa phiri, kumene osenzawo amagona.

Mukadzapita, mukakumana ndi wosenza mupatuke ndinu, chifukwa iye sangaime pamalo otsetsereka ali ndi mtolo pamutu. Mumupatse moni. Musamujambule musanapemphe. Moto wanu muuzime ndi madzi, osati kungokwirira, ndipo mapepala apulasitiki mubwerere nawo.

Ife tinatsika njira yomweyo ya mbatatesi, ndipo kutsika kunapweteka mawondo kuposa kukwera. Lolemba ndinafika mumsika ndikutsimphina. Mnyamata amene amanditutira matumba kuchokera pa lole anatchula mtengo wake, ndinamupatsa osanenerera, mpaka anandiyang'ana kawiri. Lachitatu tomato atandiwolera theka la dengu, tinayambiranso kukangana za mtengo monga kale.