Ulendo wa ku Phiri la Pavagadh

 Madzulo ano ndifuna kukamba za phiri lina la ku India, dzina lace Pavagadh, ndi za anthu amene amalikwera kukapembedza. Kapena wina afunsa kuti, "Nanga phiri la ku India litikhudza bwanji ife a mu Lusaka?" Litikhudza cifukwa Amwenye ambiri amene tikhala nao mumzinda muno makolo ao anacokera ku dziko la Gujarat, kumene kuli phirilo. Timagula kwa iwo nsaru, mapoto ndi njinga, koma owerengeka okha mwa ife adziwa kumene mitima yao imaloza pamene apemphera. Ife amene tinaphunzira ku sukulu za misyoni tinangomva kuti ndiwo opembedza mafano, ndipo nkhani inathera pomwepo. Koma nkhani yao ndi yaitari, ndipo muli phunziro la ife tomwe.

Amwenye oyamba anafika m'dziko lino ca m'ma 1905. Ena analowera ku Nyasaland nakhazikika ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, ndipo ambiri a iwo anali Asilamu. Ahindu ambiri anadzera ku Bulawayo ndi ku Livingstone, natsata njanji kudza kumpoto. Pamene Lusaka anasanduka likuru la dziko mu 1935, boma la atsamunda linagawa mzinda monga mwa khungu. Azungu anatenga mtunda wa ku Ridgeway, ndipo pambuyo pace anamanga ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Anchito akuda anapatsidwa timanyumba tozungulira taudzu ku Kabwata, ndipo masitolo a Amwenye anaikidwa ku Kamwala, kumene kunachedwa Second Class. Motero tinakhala moyandikana zaka zambiri, koma kudziwana kwathu kunali kwa pa thebulo la sitolo pokha.

M'masiku amenewo ulendo wa kwao unali wobvuta, ndipo munthu anali kuuyenda kamodzi pa zaka zambiri. Anali kukwera sitima ya pamtunda pano pa Lusaka, naoloka Zambezi pa mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya, napitirira Bulawayo, Salisbury ndi Umtali kufikira ku dooko la Beira. Kumeneko anali kulowa m'sitima ya pamadzi ya kampani ya British India, monga Karanja kapena Kampala, imene inali kuima pa Dar es Salaam, Zanzibar ndi Mombasa isanaoloke nyanja yaikuru kunka ku Bombay. Njirayi inali ndi zoopsa zace. Mu November 1942, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, sitima yochedwa Tilawa, yocokera ku Bombay kudza kuno ku Africa, inamizidwa ndi Ajapani pafupi ndi zisumbu za Seychelles, ndipo anthu 280 anafa. Munthu woyenda njira yotere samafika kwao osayamika. Ndiwo mwambo wa Ahindu kuti akapulumuka m'tsoka, akacira nthenda, kapena akalandira mwana, amapita ku malo opatulika kukacita cowinda cao. Ku Gujarat amodzi mwa malo akuru otere ndi Pavagadh.

Phirili liri pafupifupi mailosi 30 kucokera ku mzinda wa Baroda, umene lero uchedwa Vadodara. Nsonga yace iri ngati mafiti 2,500 pamwamba pa nyanja. Tsono Lusaka wathu ali pamwamba koposa apo, pakuti ali mafiti oposa 4,000, koma ife sitizindikira cifukwa dziko lathu ndi losalala. Pavagadh laima lokha pakati pa cigwa cotsika, ndipo limaonekera kutari ndithu. Pansonga peni peni pali kacisi wa Kalika Mata. Liu lakuti Mata litanthauza Mai, ndipo Ahindu amapembedza Kalika monga mphamvu ya Mulungu yooneka mwa mkazi, yoteteza ana ace ndi kuononga coipa. Akatswiri a zakale amati kacisiyu anayamba zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo pa phiri lomwelo pali mabwinja a kacisi wa Lakulisa amene ali wa nthawi yomweyo.

Cifukwa cimene malowa ali opatulika cimakambidwa m'nthano yao yakale. Amati Sati, mkazi wa Shiva, anadziponya pa moto cifukwa atate wace ananyoza mwamuna wace. Shiva ananyamula mtembo nayendayenda nao m'dziko lonse ndi cisoni coopsa, kufikira Vishnu anaudula zidutswa kuti maliro athe. Pali ponse pamene panagwa ciwalo panasanduka malo opatulika, ndipo pa Pavagadh amati panagwa cala ca ku phazi.

Tsono tiyeni tisiye nthano tilowe m'mbiri yolembedwa. Phiri lotere linali lokoma kwa opembedza, koma linali lokomanso kwa mafumu a nkhondo, cifukwa mdani sakanatha kulikwera msanga. Mafumu a pfuko la Khichi Chauhan anamangapo malinga ndi zipata, nalamulira zaka pafupifupi 200, pamodzi ndi mudzi wa Champaner umene uli m'tsinde mwa phiri. Mu 1483 Sultan Mahmud Begada, mfumu ya Cisilamu ya ku Ahmedabad, anadza ndi khamu lace nazinga phirilo. Anakhala pomwepo miyezi 20, kufikira linga linagwa mu November 1484. Mfumu yotsiriza ya Achauhan, imene anthu amaikumbukira ndi dzina lakuti Patai Raval, inagwidwa iri ndi mabala. Inakana kusiya cipembedzo ca makolo ace, ndipo inaphedwa.

Anthu wamba ali ndi kafotokozedwe kao ka kugwa kwa mfumuyi. Amati usiku wina wa cikondwerero Mai Kalika anatsika m'maonekedwe a mkazi wokongola nalowa m'bwalo kubvina pamodzi ndi akazi a m'mudzi. Mfumu inamkhumbira nigwira nsonga ya nsaru yace. Iye anaicenjeza kuti ipemphe cina ciri conse, koma mfumu inaumirira, ndipo anaitemberera kuti ufumu wace udzatha. Nkhaniyi imaimbidwa kufikira lero. Wolemba mbiri amati linga linagwa cifukwa ca mizinga ndi njala, koma anthu amati linagwa cifukwa mfumu inaiwala malire ace. Ife Acewa, amene timadziwa kuti mfumu yosasunga mwambo imadzetsa cilala, sitibvutika kumva maganizo otere.

Mahmud Begada anakonda malowo kotero kuti anasamutsira likuru lace ku Champaner, nalicha Muhammadabad. Anamanga kwa zaka zoposa 20: nyumba zacifumu, misika, zitsime zamakwerero, maiwe osungira madzi a mvula, ndi mizikiti ya miyala yosemedwa. Waukuru mwa iyo, Jami Masjid, ulipobe, ndipo amisiri amaupenya ndi ulemu. Sultaniyo anafa mu 1511. Mu 1535 Humayun, mfumu ya Amughal ya ku Delhi, analanda phirilo. Mbiri imati iye ndi asilikari ace anakhoma zikhomo zacitsulo m'thanthwe usiku, nakwera mbali imene alonda anayesa kuti munthu sangadzere. Pambuyo pace ulamuliro unabwerera ku Ahmedabad, amalonda anacoka, ndipo mzinda waukuruwo unasanduka bwinja. Mitengo inamera m'misewu, ndipo pamene Angerezi anafika mu 1803 anapeza anthu owerengeka okha.

Apa ndipo pali cimene ndifuna kuti mucigwire. Mzinda wa sultani, ndi cuma cace conse, unakhala likuru zaka ngati 50 zokha. Malinga a Achauhan anagumuka. Koma kanjira kokwera ku kacisi sikanatsekeke. Opembedza anapitirira kudutsa pakati pa mabwinja, pansi pa zipata zopanda alonda, m'nkhalango ya zirombo, caka ndi caka, pansi pa Amughal, Amaratha ndi Angerezi omwe. Panalibe mfumu yowalamula kutero kapena yowalipira. Mai anali kukwera ndi mwana wace, ndipo mwanayo atakula anali kukwera ndi wace.

Ulendowo umayambira ku Champaner. Msewu umakwera kufikira pa cidikha ca pakati pa phiri cochedwa Machi, ndipo kucokera pamenepo pali makwerero pafupifupi 2,000. Ena amabwera ndi miyendo kucokera ku midzi yao m'magulu, masiku angapo panjira, atanyamula mbendera zofiira. Ena amakwera opanda nsapato monga mwa cowinda cao. Pafupi ndi nsonga pali dziwe lochedwa Dudhia Talao, ndiko kunena dziwe la mkaka, ndipo popitirira apo makwerero otsiriza aima njo. M'kacisi mweni mweni muli mutu wokha wa Kalika, wopakidwa utoto wofiira. Wopembedza amapereka kokonati, maluwa ndi kansaru kofiira, napenya nkhopeyo kamphindi, nasendera kuti mnzace afike. Khamu lalikuru limadza pa Navratri, ndiwo mausiku 9 a cikondwerero ca Mai, kamodzi ca m'ma March kapena April ndi kenanso ca m'ma September kapena October. Pa nyengo yaciwiriyi amabvina gule wa garba, woyenda mozungulira ndi kuomba m'manja. Ahindu a mu Lusaka amabvinanso gule ameneyu m'nyumba yao yosonkhanira, ndipo mukamva ng'oma ndi manja usiku pa nyengo ya cilimwe, dziwani kuti alikukumbukira Mai yemweyo.

Masiku ano zambiri zasintha. Ulendo wa ku Beira unatha, ndipo munthu wa ku Kabulonga akakwera ndege lero, mawa ali ku Mumbai, ndilo dzina la Bombay kuyambira 1995. Mu 1986 anamanga cingwe ca citsulo conyamula anthu m'mabokosi kucokera pa Machi, kotero kuti nkhalamba imafika pafupi ndi nsonga m'mphindi zowerengeka. Mu 2004 bungwe la UNESCO linalemba Champaner ndi Pavagadh pa mndandanda wa malo a mtengo wapatari a dziko lonse, mizikiti ndi akacisi pamodzi.

Panatsala cinthu cimodzi cimene cikanatha kudzetsa ndeu. Kwa zaka pafupifupi 500 kacisiyo analibe nsanja yace yosongoka, imene amati inagwetsedwa m'nthawi ya Begada, ndipo pamwamba pace panali malo opatulika a munthu woyera wa Cisilamu, Sadan Shah Pir. Opembedza ambiri anali kupereka ulemu pawiri ponse. Pamene anafuna kumanganso nsanjayo, akuru a kacisi anakambirana ndi osunga malo a Cisilamuwo, nagwirizana kuwasunthira pambali pang'ono. Pa 18 June 2022 nduna yaikuru ya India, Narendra Modi, inakweza mbendera pansonga. M'dziko limene mikangano ya akacisi ndi mizikiti yaphetsa anthu ambiri, mlandu uwu unatha ndi kukambirana.

Nanga kwathu? Makolo athu Acewa anali ndi maulendo otere. M'mapiri a Dzalanyama, ku Malawi, muli Kaphirintiwa, pamene amati anthu oyamba anatsika nasiya mapazi ao pa thanthwe. Pafupi ndi pamenepo, pa Msinja, panali kacisi wamkuru wa mvula. Mlosi wace anali mkazi wochedwa Makewana, ndiko kunena mai wa ana, ndipo mafumu akutari anali kutumiza amithenga ndi mphatso pa nthawi ya cilala. Sindinena kuti Makewana ndiye Kalika, pakuti ziphunzitso zace nzosiyana. Koma anthu a mbali zonse ziwiri anadziwa kuti pali zopempha zina zimene munthu ayenera kuzinyamula ndi miyendo yace. Msinja anapasulidwa m'nkhondo za m'zaka za m'ma 1800, monga Pavagadh anapasulidwa mu 1484. Kusiyana kwace nkwakuti kwathu oyenda anacepa, ndipo ambiri a ife amene tinalowa sukulu tinaphunzira kucita manyazi ndi dzina lomwe la malowo. Funsani ana a mu Kabwata kumene kuli Msinja, muone amene adzayankha.

Komabe njira yotsekeka ikhoza kulambulidwanso. Mwambo wa Kulamba unaleka zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda, koma unadzutsidwanso mu 1984, ndipo mwezi wa August uli wonse Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Umenewo ndi ulendo wa kwa mfumu, suli wa ku kacisi, koma cousunga ndi comweco: anthu amanyamuka napita, natenga ana ao.

Akuru anati phiri ndi phiri sizikomana, koma anthu amakomana. Pavagadh ndi Kaphirintiwa sadzaonana, koma zidzukulu za amene anakwera mapiriwo zimakomana tsiku ndi tsiku m'misewu ya Lusaka. Mukadzakhala ndi mnansi wanu Mhindu pa nthawi yabwino, mfunseni mwaulemu za phiri la makolo ace. Konzekani ndithu, cifukwa nayenso adzakufunsani za lanu.