Bwalo la Masewera: Sukulu Imene Tinaiiwala

Kale m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje mwana ankaphunzira khalidwe asanadziwe n'komwe kuti akuphunzitsidwa. Chimanga chikakololedwa, ana ankakunkha zotsala m'munda, kumanga timisasa ndi kuyamba masanje. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, ndipo wina fisi woba chakudya. Kumeneko mtsikana ankadziwa kuti nsima sadya yekha, mnyamata nayenso ankaona m'mene mlandu umaweruzidwira. Mwezi ukawala, nthano ndi ndagi zinkamaliza phunzirolo.

Azibambo Oyera atafika ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni mu 1903, anabweretsa sukulu ndi katekisimu. Ubwino wa zimenezi tikuudya mpaka lero. Koma m'zaka za m'ma 1920 panabuka mkangano pakati pa amishoni ndi eni dambwe, polimbirana ana. Pang'onopang'ono ambiri tinayamba kuganiza kuti khalidwe limaphunziridwa pa benchi pokha, ndipo kuti kusewera n'kutaya nthawi.

Komatu Mpingo uli ndi mphunzitsi amene anaona mosiyana. Yohane Bosco Woyera, wobadwa mu 1815, ali mnyamata ankayenda pachingwe kuti anzake asonkhane, kenaka n'kuwabwerezera ulaliki wa kutchalitchi. Atadzozedwa unsembe mu 1841, anasonkhanitsa anyamata osowa pogwira mumzinda wa Turin, ndipo mu 1846 anakhazikika nawo ku Valdocco. Iye ankasewera nawo pabwalo, chifukwa mwana amamvera munthu amene amamukonda. Ana ake auzimu, a Salesian, ali pakati pathu ku Area 23 mu Lilongwe.

Tiganizire za fulaye. Mpira ukakukhudza pang'ono, anzako osaona, umatuluka kapena umangokhala chete? Pamenepo Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa bodza, likuyesedwa moposa m'mayeso a katekisimu. Pa phada timaphunzira kudikira nthawi yathu. Pa bawo, kugonja popanda chidani.

Lero adzing'ono athu ambiri amathera madzulo m'nyumba zoonetsera kanema kapena pafoni, ena ayamba kale kubetcha. Kuwakalipira sikukwanira. M'mene mtengo umawongokera uli waung'ono, ndi m'menenso alili mwana. Lamulungu likudzali, Misa ikatha, tisathamangire kunyumba. Titenge mpira, tiitane ana a m'Miphakati yathu, tisewere nawo, ndipo mpira ukatikhudza, tiyambe ndife kuvomera.