Dayisi ya mbali 20: kumene magemu a RPG anacokela

Ngati munaonako Baldur's Gate 3, kaya pa PlayStation ya mnzanu kapena pa YouTube cabe, mudziwa zimene zimacitika mukafuna kunamiza mlonda wa pageti kapena kutsegula bokosi lokhoma. Gemu imaima, ndipo pa sikilini pamabwela dayisi ya mbali 20 imene iyamba kugubuduzika. Ikagwela pa nambala yaikulu, bodza lanu lagwila nchito. Ikagwela pa 1, konzekani kumenyana. Gemu imeneyi inatuluka mu August 2023 ndipo inatenga mphoto ya Game of the Year. Nanga n'cifukwa ciani gemu yooneka monga filimu, imene inadya zaka zambili poipanga, ikali kuponya dayisi monga tili pa Ludo?

Yankho lili m'mbili ya magemu ochedwa RPG. Ici ni cidule ca mawu a Cingelezi akuti role-playing game, kutanthauza masewela amene mumatenga malo a munthu mmodzi wa m'nkhani, n'kumamusankhila zocita. Munthu wanuyo amakhala na manambala oonetsa moyo umene wam'tsalila, mphamvu zake na nzelu zake. Akapambana nkhondo amapeza XP, ndipo XP ikakwana amakwela levo. Masiku ano zimenezi zili paliponse, ngakhale mu Call of Duty Mobile na mu career mode ya mpila imene anyamata amalipilila m'mashopu a magemu a m'komboni. Koma zinayambila pa thebulo, na pepala, pensulo na madayisi.

Asilikali na wokonza nsapato

Mu 1824, msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a asilikali masewela a pa mapu ochedwa Kriegsspiel, amene atate ake ndiwo anayamba. Tuzitsulo tinali kuimila magulu a asilikali, madayisi anali kugamula zamwayi, ndipo pakati panali woweluza amene anali kumva zimene mbali iliyonse ifuna kucita na kulengeza zotulukapo. Colinga cinali kuphunzitsa nkhondo popanda kufa munthu. M'kupita kwa zaka, anthu wamba ku Europe na ku America anayamba kusewela zotele pofuna kusangalala cabe.

Kusintha kwakukulu kunacitika ku Minnesota, m'dziko la America, ca m'ma 1969. David Wesely anakonza masewela ochedwa Braunstein, ndipo m'malo mopatsa aliyense gulu la asilikali, anapatsa aliyense munthu mmodzi wa m'tauni yongopeka, monga meya kapena mwini banki. Osewela anaiwala za nkhondo, n'kuyamba kupangana mobisa na kunamizana. Mnzake wina, Dave Arneson, anatenga maganizo amenewa n'kupanga Blackmoor mu 1971. Mmenemo anthu anali kutsikila m'mapanga a pansi pa nyumba ya mfumu kukafuna cuma pakati pa zilombo. Cacilendo cinali cakuti munthu wako akapulumuka lelo, sabata yamawa unali kubwela naye ali wamphamvu kuposa kale. Apa ndiye panabadwila kukwela levo.

Arneson anakaonetsa masewelawa kwa Gary Gygax wa ku Lake Geneva, m'cigawo ca Wisconsin. Gygax anali atacotsedwa nchito ku kampani ya inshuwalansi, ndipo anali kudyetsa banja lake mwa kukonza nsapato panyumba. Awiliwa analemba malamulo, koma makampani a masewela sanawafune. Conco Gygax na mnzake Don Kaye anayambitsa kakampani kawo ka TSR, ndipo mu January 1974 anatulutsa Dungeons & Dragons: tumabuku tutatu m'kabokosi, makope 1,000, mtengo madola 10.

Kasewelledwe kake n'kosavuta kumva. Munthu mmodzi, wochedwa Dungeon Master, amafotokoza malo na zimene zikucitika. Enawo amakamba zimene anthu awo afuna kucita. Ngati cinthuco cingakanike, amaponya dayisi. Palibe wopambana kapena woluza monga pa nsolo, cimene cimatsala ni nkhani imene gulu lonse lapanga.

Masewelawa atachuka, m'zaka za m'ma 1980 makolo ena na machalichi ena ku America anayamba kukamba kuti ni njila yolowetsela ana mu usatana. Mu 1983 panakhazikitsidwa gulu la BADD lolimbana nawo, ndipo mu 1985 nkhaniyi inafika pa pulogilamu yochuka ya pa TV ya 60 Minutes. Ife kuno mantha amtunduwu timawadziwa bwino. TSR inafika pocotsako mawu akuti ziwanda m'mabuku ake a 1989. Mphekesela zinazilala, masewela anatsala.

Kompyuta itenga madayisi

Ophunzila a pa mayunivesiti ndiwo anali oyamba kuona kuti masamu onse aja, a moyo wotsala na mphamvu ya lupanga, kompyuta ingawacite mwamsanga. Mu 1975, pa makina a PLATO a ku University of Illinois, panapezeka gemu yochedwa pedit5. Oyang'anila makinawo anali kuifafaniza cifukwa malowo anali a maphunzilo, koma ena anapitiliza kulemba zina zofanana nayo. Ku Texas, mnyamata Richard Garriott analemba Akalabeth pa Apple II n'kumaigulitsa m'tumapepala twa pulasitiki pa shopu ya makompyuta imene anali kugwilako nchito. Mu 1981 anatulutsa Ultima, ndipo caka cimeneco panatulukanso Wizardry.

Panali cimene cinapezeka na cimene cinatayika. Lomba munthu anali kusewela yekha usiku popanda kusonkhanitsa anzake. Koma kompyuta siingapeke yankho pa cinthu cimene wolemba pulogilamu sanaciganizile. Pa thebulo ungakambe kuti, "Ine sinimenya cilombo, nifuna kucigulitsa mbuzi," ndipo wofotokoza nkhani adzapeza cocita. Zaka zonse zotsatila, opanga magemu akhala akuyesa kubweza ufulu umenewo. Cimene anthu amatamandila Baldur's Gate 3 n'cakuti nthawi zambili ukayesa cinthu copusa, umapeza kuti opanga anaciganizila kale.

Aliyense anathilamo nkhani zakwawo

Mbali imene ine imanikhudza kwambili ni ya mmene malamulo a ku Wisconsin anayendela m'maiko ena. Amene anapita patali ni aja amene anatenga mafupa ake cabe, n'kuikapo mnofu wakwawo.

Ku Japan, Yuji Horii anali kukonda Wizardry na Ultima, koma anaona kuti n'zovuta kwa mwana amene ali na Famicom ya mabatani ocepa. Anazifewetsa, ndipo zojambula anapatsa Akira Toriyama, uja wa Dragon Ball. Dragon Quest inatuluka mu 1986. Pamene yacitatu inatuluka mu 1988, ana ambili anathawa kusukulu kukaima pamzele wogula. Final Fantasy ya Hironobu Sakaguchi inabwela mu 1987. Pokémon ya 1996 inacokela pa ubwana wa Satoshi Tajiri, amene anali kukonda kugwila tizilombo m'thengo pafupi na Tokyo. Elden Ring ya 2022, imene ikali kuliza anthu na mabwana ake ovuta kupha, ni mdzukulu wa mzele umenewu wa ku Japan.

Nkhani ya ku Poland ndiyo iyenela kutipatsa maganizo. Baldur's Gate yoyamba inapangidwa mu 1998 na BioWare, kampani ya ku Edmonton ku Canada imene inayambitsidwa na madokotala a m'cipatala. Panthawiyo ku Poland anthu ambili anali kugula magemu okopa pamsika, monga mmene ife tinali kugulila ma DVD mumsewu. Anyamata awili a ku Warsaw, Marcin Iwiński na Michał Kiciński, anali na kakampani kogulitsa magemu kochedwa CD Projekt. Iwo anaganiza kuti munthu angalipile gemu yeniyeni ngati ikamba cinenelo cake. Mu 1999 anamasulila Baldur's Gate m'Cipolishi, anaitana akatswili ochuka a mafilimu akwawo kuti aikemo mawu, ndipo m'bokosi anaikamo na mapu. Tsiku loyamba anatumiza makope 18,000 m'mashopu, ciwelengelo cacikulu kwambili pamsika wawo nthawi imeneyo. Pambuyo pake anayamba kupanga zawozawo, kucokela m'mabuku a mlembi wakwawo Andrzej Sapkowski. The Witcher inatuluka mu 2007, ndipo The Witcher 3 ya 2015 yagulitsa makope oposa 50 miliyoni. Midzi, zilombo na nyimbo za mmenemo n'za Asilavu, anthu akumeneko.

Zofanana zacitika posacedwa. Black Myth: Wukong ya ku China, yocokela m'buku lakale la Journey to the West, inagulitsa makope 10 miliyoni m'masiku atatu mu August 2024. Clair Obscur: Expedition 33, imene inatuluka mu April 2025, inapangidwa na kagulu ka anthu pafupifupi 30 ku Montpellier m'dziko la France mothandizidwa na ena akunja, ndipo Cifalansa cake cimamveka m'nyimbo na m'zovala. Larian Studios imene inapanga Baldur's Gate 3 ili ku Ghent m'dziko laling'ono la Belgium. Swen Vincke anaiyambitsa mu 1996, inatsala pang'ono kugwa kangapo, ndipo mu 2013 inacita kupempha ndalama kwa osewela pa Kickstarter kuti imalize Divinity: Original Sin.

Mu Africa namonso alipo amene anayesa. Ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, Olivier Madiba na anzake a Kiro'o Games anatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, nkhani ya mfumu na mkazi wake amene alandidwa ufumu pa tsiku la cikwati cawo. Anaipanga magetsi akuzimazima, vuto limene ifenso silacilendo kwa ife.

Dayisi ikatembenukila wosewela

Ambili a ife tilibe PlayStation 5 kapena kompyuta yamphamvu. RPG imene imatifika mosavuta ni ya pa foni, monga Genshin Impact ya 2020 ya kampani ya miHoYo ya ku Shanghai. Kuikopela n'kwaulele, kupatulapo mabando amene imadya. Ndalama zake imazipeza mwa njila yochedwa gacha, dzina locokela ku makina a ku Japan amene umaponyamo kobili n'kutulutsa kadoli kamene sunasankhe. Umalipila kuti uyese mwayi wopeza munthu wamphamvu, ndipo mwayi wopeza wapamwamba pa kuyesa kumodzi ni wocepa kwambili.

Onani mmene cinthu cimodzi casinthila nchito. Pa thebulo la Arneson, mwayi unali wokometsa nkhani: dayisi ikagwa moipa, gulu lonse linali kuseka n'kuona mmene lingatulukile m'vuto. Mu gacha, mwayi uli pa thumba lako. Mu 2018 bungwe loyang'anila njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi amwayi ogula na ndalama m'magemu ena ni njuga. Kwa wacinyamata wa ku Lusaka kapena ku Chipata, amene wazungulilidwa kale na mashopu a kubecha komanso mobile money ili m'manja, nkhaniyi si yakutali. Musanakanikize batani logula, dzifunseni ngati mukulipila nkhani kapena mukulipila kuponya dayisi cabe.

Cimene catsala m'manja mwathu

TSR inagwa m'nkhongole ndipo inagulidwa na Wizards of the Coast mu 1997, imene nayonso inagulidwa na Hasbro mu 1999. Mu January 2023, eni akewa anafuna kukhwimitsa cilolezo cimene anthu anali kulembela masewela awo pogwilitsila nchito malamulo a Dungeons & Dragons. Osewela anakwiya kwambili cakuti kampani inabwelela m'mbuyo, n'kuika malamulo oyambila, ochedwa SRD 5.1, pansi pa cilolezo ca Creative Commons. Tanthauzo lake n'lakuti aliyense angawatenge, kuwamasulila, kuwasintha ngakhale kugulitsa cimene wapanga, malinga wachula kumene anawatenga. Palibe lamulo loletsa munthu kuwaika m'Cinyanja.

Zofotokoza tili nazo zambili. Mu November 1835, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi tsiku limene dzuwa linadetsedwa masana. Mu 1898, Nsingo mwana wa Mpezeni anatsogolela nkhondo yolimbana na asilikali a Britain ndipo anaphedwa. Pali ufumu wa Undi, njila za malonda a minyanga zopita ku Tete, Kalulu na misampha yake, komanso Lusaka weniweniyu wa maminibasi na misika. Zina, monga za kudambwe, zili na eni ake ndipo si zotola cabe. Koma zotsalazo n'zokwanila kusewela zaka.

Kafotokozedwe kake sitifunika kuphunzila kwa mzungu. Aliyense amene anamvako ambuye akuyamba nthano, ana n'kumavomela kuti ali pamodzi nawo, amadziwa kale nkhani imene imayenda cifukwa omvela akuyankha. RPG inangowonjezapo kuti womvela aliyense ali na munthu wake m'nkhaniyo, ndipo dayisi ndiyo imaweluza pakabuka mkangano. Kupanga gemu monga The Witcher 3 kufuna anthu mahandiledi na ndalama zimene tilibe. Zimene Arneson anayamba nazo mu 1971 zifuna anthu anayi kapena asanu, buku la sukulu, pensulo na madayisi a Ludo, ndipo zimaseweleka ngakhale malaiti atapita.